MAKINA OKOKERA FODYA POPANDA MOTO: KODI ANGAPULUMUTSE WOSUTA?

KUYAMBIRA pamene makolo anayamba kulima fodya, njira zomukokera zinali zodziwika kwa aliyense. Ena anali kumuika m'kaliwo, ena kumukulunga m'khoko la cimanga kapena m'pepala, ndipo agogo aakazi anali kumupera nkumanunkhiza m'mphuno. Kupatula fodya wa m'mphuno, njira zonsezi zifuna moto.

Tsopano m'maiko a ku Ulaya, America ndi Asia munabuka makina amene eni ake anena kuti munthu angathe kukokera fodya popanda kuyatsa moto. Mbiri ya makinawa yafika ndi kumidzi komwe, kudzera m'matelefoni a m'manja ndiponso mwa ana ogwira nchito m'matauni. Bambo amene wakoka balani zaka makumi awiri, amene atsokomola m'mawa uliwonse ndi kupuma wefuwefu pokwera citunda pa njinga, akamva mbiri yotere sangalephere kufunsa ngati makinawo angamuombole.

Funsoli si lamasewera ai. Kufufuza kumene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 kunaonetsa kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa amuna anai alionse m'dziko lino la Zambia akoka fodya. Bungwe loyang'anira zaumoyo pa dziko lonse, lochedwa WHO, linena kuti fodya apha anthu oposa 7 miliyoni caka ciriconse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi anthu osakoka fodya konse, amene angopuma utsi wa anzao.

CIMENE CIRI MU UTSI

Kuti munthu amvetse nchito ya makinawa, ayenera kuyamba wadziwa cimene cicitika ndudu ikayatsidwa. M'fodya muli cikonga, ndipo ndico cimene cimanga munthu kuti asaleke. Cikonga cifika ku ubongo m'masekondi osapitirira 20 munthu akangokoka mpweya woyamba, ndipo cikatha mphamvu thupi liyamba kufuna cina. Cimeneci ndico cibaba.

Koma matenda ambiri oopsa acokera ku moto. Nsonga ya ndudu itentha kufika madigiri 900 pamene munthu alikukoka, pomwe madzi awira pa madigiri 100 cabe. Tsamba likapsa pa moto wotere litulutsa utsi wokhala ndi mankhwala oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo adziwika kuti ayambitsa khansa. Mu utsiwo muli phula limene limatirira m'mapapo, ndiponso mpweya woipa uja umene upha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya umenewu ulanda malo a mpweya wabwino m'magazi, cotero mtima ugwira nchito yowirikiza.

Ncifukwa cake amisiri ena anaganiza kuti tsamba likangotenthedwa pang'ono, osalola kuti liyake, lingatulutse nthunzi yokhala ndi cikonga koma yopanda phulusa ndi utsi. Ganizo limeneli ndilo linabala makina onse amene achulidwa m'nkhani ino.

MITUNDU ITATU

Anthu ambiri asokoneza makinawa, pomwe ali a mitundu itatu yosiyana.

Mtundu woyamba ndi ndudu ya magetsi. Iyi iribe tsamba la fodya m'kati. Itenthetsa madzi osakaniza ndi cikonga ndi zonunkhiritsa. Anaipanga ndi Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, m'caka ca 2003. Iye mwini anali wosuta, ndipo atate ace anamwalira ndi khansa ya m'mapapo.

Mtundu waciwiri utenthetsa fodya weniweni, wokonzedwa m'fakitale ngati tindudu tatifupi. Wochuka kwambiri ndi IQOS, wa kampani ya Philip Morris, umene unayamba kugulitsidwa mu 2014 mu mzinda wa Nagoya ku Japan ndi wa Milan ku Italy. Makinawa atenthetsa fodya mosapitirira madigiri 350, ndipo salandira fodya wina koma tindudu ta kampaniyo.

Mtundu wacitatu ndi umene munthu aikamo yekha masamba ouma opera. Ena a mtundu umenewu ndi aang'ono oyenda nao m'thumba, ena ndi aakulu okhazika pa thebulo, olumikiza ku magetsi a m'nyumba monga wailesi kapena ketulo.

MAKINA A PA THEBULO

Mwa makina a pa thebulo, odziwika koposa ndi ochedwa Volcano, opangidwa ndi kampani ya Storz & Bickel mu mzinda wa Tuttlingen ku Germany. Anayamba kugulitsidwa m'caka ca 2000. Maonekedwe ace ali ngati kaculu ka citsulo, kotakata pansi ndi kosongoka pamwamba.

Kagwiridwe kace ka nchito nkotere. M'kati muli citsulo cotentha ndi magetsi pamodzi ndi kapampu ka mpweya. Masamba opera aikidwa m'kabekete kokhala ndi sefa, pamwamba pa makina. Kapampu kakankha mpweya wotentha kupyola m'masambamo, ndipo nthunzi yotulukamo idzaza thumba lalikulu la pulasitiki. Thumbalo likafufuma, munthu alicotsa nkumakoka nthunziyo pang'onopang'ono. Makina a makampani ena alibe thumba. Ali ndi kapaipi kofewa kamene munthu akokera mwacindunji.

Kutentha kwa makina a Volcano sikupitirira madigiri 230, pakuti pamenepo mpamene tsamba louma liyamba kupsa. Masamba akatha nchito atuluka ofiirira ngati okazinga, osati phulusa. Akatuluka akuda ndiye kuti apsa, ndipo munthu wakoka utsi womwe uja anali kuthawa.

ZIMENE OGULA AYANG'ANA

M'maiko m'mene makinawa agulitsidwa poyera, wogula wanzeru ayang'ana zinthu zingapo asanatulutse ndalama.

Coyamba ndi cowongolera kutentha. Makina osalola munthu kukweza kapena kutsitsa kutentha ndi osadalirika, cifukwa angathe kupsereza masamba.

Caciwiri ndi njira yotenthetsera. Pali makina amene masamba akhudza citsulo cotentha, monga nsawawa m'ciwaya. Awa apsereza mbali imodzi ngati munthu satakasa. Pali ena amene mpweya wotentha wokha ndiwo udutsa m'masamba, ndipo awa atenthetsa mofanana ponseponse.

Cacitatu ndi zipangizo za m'njira imene mpweya udutsa. Citsulo cosacita dzimbiri, galasi ndi dothi looca zipirira kutentha. Pulasitiki wamba ndi zomatira za makina ochipa oberekeza zingathe kusungunuka, munthu nkumakoka utsi wace osadziwa.

Cacinai ndi kutsuka. Sefa, mapaipi ndi matumba zida msanga ndipo zifunika kusintha kawirikawiri. Makina opanda zipangizo zosinthira pafupi asanduka citsulo ca cabe pakapita miyezi yowerengeka.

Cacisanu ndi magetsi. Magetsi a m'Zambia ndi a mphamvu ya mavoti 230, pomwe a ku America ndi a mavoti 120. Makina opangidwira ku America akalumikizidwa kuno popanda cosinthira mphamvu apsa nthawi yomweyo. Nakonso kasola kakang'ono koyatsira nyale ndi kudzazira telefoni sikangakwanitse makina otenthetsa.

Pamwamba pa zonsezi pali mtengo. Makina enieni a Volcano agulidwa ndi madola a ku America mazana angapo, ndiye kuti makwaca zikwi zambiri, ndalama zimene mlimi angagulire matumba a feteleza a munda wace.

CAMBA NDI LAMULO

Pali cinthu cina cimene owerenga ayenera kudziwa. Makina ambiri a pa thebulo sanachuke cifukwa ca fodya wamba, koma cifukwa ca camba. M'maiko monga Netherlands, Germany ndi Canada, madokotala aloledwa kulembera odwala ena camba cokonzedwa ngati mankhwala, ndipo mu 2010 kampani ya ku Tuttlingen ija inatulutsa makina ochedwa Volcano Medic a odwala otere.

M'Zambia nkhani iri ina. Ngakhale kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima camba ca mankhwala ndi ca kufufuza kwa akatswiri, cilolezo cimeneci ndi ca okhawo okhala ndi laisensi ya Boma. Kulima camba kuseri kwa nyumba, kucigulitsa, kucisunga kapena kucikoka ndi mlandu, ndipo a bungwe la Drug Enforcement Commission amanga anthu pa milandu yotere. Lamulo silisiyanitsa camba ca m'pepala ndi camba ca m'makina. Mnyamata wonyengedwa kuti makina asandutsa camba kukhala mankhwala angadzazindikire ali kale m'ndende.

ZIMENE AKATSWIRI APEZA

Nzoona kuti nthunzi ya fodya wotenthetsa iri ndi mankhwala oipa ocepa poyerekeza ndi utsi wa ndudu. Mu 2020 bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, lochedwa FDA, linalola eni ace a IQOS kuuza anthu zimenezi. Koma bungwe lomwelo silinawalole kunena kuti makinawo acepetsa matenda, pakuti umboni wace unali wosakwanira. Matenda a fodya atenga zaka makumi awiri kapena atatu kuti aonekere, ndipo makinawa ngacilendo.

A zaumoyo a ku Britain anena kuti ndudu ya magetsi siiononga thupi monga ndudu wamba, ndipo yathandiza anthu ena kuleka, koma acenjeza kuti iri ndi zoopsa zace ndi kuti wosakoka fodya asayambe. A WHO anena kuti fodya wotenthetsa ndi fodya ndithu, ndipo palibe umboni wakuti athandiza munthu kuleka. Mu 2018, pa msonkhano wa ku Geneva, maiko a m'pangano loletsa kufala kwa fodya anagwirizana kuti fodya wotere aziyendera malamulo a fodya. Zambia inalowa m'pangano limeneli mu 2008, ndipo m'caka comweco Boma linaletsa kukoka fodya m'malo opezekamo anthu ambiri.

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ku America, kuyambira mu 2019 kufika kuciyambi kwa 2020, anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndi matenda a m'mapapo, ndipo 68 anamwalira. Ambiri a iwo anakoka madzi a camba ogulidwa mwakabisira, osakanizidwa ndi mafuta ena osayenera kulowa m'mapapo.

Vuto lina nlakuti makina sacotsa cibaba, cifukwa cikonga cikhalabe m'thupi. Makina a pa thebulo atsala kunyumba. Mwini wace akapita kumunda, kumaliro kapena kumsika cibaba cimugwira, ndipo agula ndudu. Motero akhala wokoka zonse ziwiri. Akatswiri a ku London anaonetsa mu 2018 kuti wokoka ndudu imodzi yokha pa tsiku asenza pafupifupi theka la ngozi ya matenda a mtima imene wokoka ndudu 20 ali nayo. Kucepetsa cabe sikupulumutsa munthu.

Alimi a fodya a ku Chipata, Lundazi, Chadiza ndi Katete asaganize kuti tsamba la m'cigafa mwao nlabwinopo cifukwa silinadutse m'fakitale. Cikonga ndi mankhwala ena oyambitsa khansa ziri m'tsamba lenilenilo. Ndico cifukwa cace munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame nthawi zina acita cizungulire ndi mseru: cikonga calowa kudzera pa khungu.

NJIRA YOTSIMIKIZIKA

Thupi la munthu liyamba kucira tsiku lomwe waleka. A WHO afotokoza kuti pakapita mphindi 20 kugunda kwa mtima kutsika. Pakapita maola 12 mpweya woipa uja ucepa m'magazi kufika pa muyeso wa munthu wosakoka. Pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 9 kutsokomola ndi befu zicepa. Pakatha caka, ngozi ya matenda a mtima itsika ndi theka, ndipo pakatha zaka 10 ngozi ya khansa ya m'mapapo itsikanso ndi theka. Wodwala cifuwa cacikulu ca TB akaleka fodya athandiza mankhwala ace kugwira bwino nchito.

Masiku oyamba ngowawa. Munthu akwiya msanga, asowa tulo, ndipo mutu umupweteka. Zimenezi zikula m'sabata yoyamba, koma kwa ambiri zizirala pakapita sabata ziwiri kufika zinai. Cibaba cikabwera cikhala mphindi zowerengeka cabe. Kumwa madzi, kutafuna nzimbe kapena kunyamuka kukagwira kanchito kena kuthandiza kuti cipite.

Wofuna kuleka asankhe tsiku, auze a m'banja lace ndi anzace, ataye fodya yense wotsala pamodzi ndi kaliwo, ndipo apewe malo a mowa m'masabata oyamba, pakuti ambiri agwera pamenepo. Apitenso ku cipatala ca pafupi kukalankhula ndi a zaumoyo. Mu 2024 a WHO anatulutsa malangizo onena kuti uphungu pamodzi ndi mankhwala ovomerezeka, monga zomata pa khungu ndi zotafuna zokhala ndi cikonga cocepa, ndizo zithandiza koposa. Wogwa asataye mtima, pakuti ambiri amene analeka anayesa kangapo.

Pomaliza, aliyense awerengere yekha. Wokoka ndudu 10 pa tsiku aoca ndudu 3,650 pa caka. Ngakhale ndudu imodzi itagulidwa pa K1 cabe, ndiye kuti K3,650 yapita mu utsi, ndalama zimene zikadagula mbeu, mbuzi kapena malaya a sukulu a ana. Makina a ku Germany afuna magetsi, zipangizo zosinthira ndi makwaca zikwi zambiri. Kuleka sikufuna ngwee ngakhale imodzi, ndipo tsiku la 31 May, limene maiko onse akumbukira kuipa kwa fodya caka ndi caka, ndi tsiku labwino lakuti bambo wa pa citunda uja ataye balani wace kotheratu.