Galimoto yokana kulira dalaivala akamwa

Lamulo la pamsewu la ku Zimbabwe, Road Traffic Act, limaletsa munthu kuyendetsa galimoto ngati mowa m'magazi mwake wafika mamiligalamu 80 pa mamililita 100 alionse. Apolisi akamugwira amamuyeza, mlandu n'kupita kwa majisitireti, amene angamulipiritse ndalama, kumutsekera m'ndende kapena kumuletsa kuyendetsa kwa nthawi. Wa kombi ndi wa lole chilango chawo chimakulirapo. Koma chiletso chimatsala papepala. Munthu wa ku Rugare, komboni imene kampani ya njanji inamangira antchito ake, ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, akamakwera kombi m'mamawa sadziwa ngati dalaivala ali ndi mlandu wakale. Woletsedwayo amangozemba misewu ya rodibuloko.

Maiko ena anaika mlonda m'galimoto momwemo. Ndi kachipangizo kolumikizidwa ku sitata: dalaivala amauzira mpweya m'kapaipi, ndipo mowa ukapezeka wopitirira muyezo, injini siilira ngakhale apotoze kiyi kangati. Dera la New Mexico ku United States linalamula mu 2005 kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa ataledzera aike chipangizochi. Bungwe la zaumoyo la m'dzikolo la CDC limati kubwereza mlandu kumatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse chipangizocho chikadali m'galimoto.

Wina anena kuti kondakitala wosamwa adzauzira m'malo mwa bwana wake. Opanga anaziganizira: chipangizochi chimapempha mpweya wina galimoto ili paulendo, zambiri zili ndi kamera, ndipo chimasunga mbiri yonse, ngakhale ya makaniko wodula mawaya. Chodandaulitsa chenicheni n'chakuti chikachotsedwa ambiri amabwerera ku khalidwe lakale, chifukwa chipangizo sichichiza uchidakwa. Komabe miyezi imene woledzera walephera kuliza galimoto ndi miyezi imene ana aoloka msewu bwinobwino.

Zakuti chipangizochi n'chokwera mtengo n'zoona, dalaivala wolembedwa ganyu sangakwanitse. N'chifukwa chake Zimbabwe iyambire pa eni mabasi ndi makombi, monga France inachitira mu 2015 polamula chipangizochi m'mabasi. Magalimoto onyamula anthu amapita kale ku VID, ofesi yoyendera magalimoto, kukayesedwa, choncho mbiri ya chipangizo ingawerengedwe komweko asanapereke chiphaso. Zimenezi zikufunika kusintha lamulo ku Nyumba ya Malamulo, ndiye anthu a ku Rugare, kafunseni phungu wanu maganizo ake pa nkhaniyi.