Basketball pa tchuthi chachikulu: zimene timamva ndi zoona zake

Sukulu zikatsekera mu July, mipira yambiri ya basketball imatsekeredwa mu ofesi ya aphunzitsi a zamasewero. Ana a ku Robert Blake ku Kongwe ndi a masukulu ena a ku Dowa ndi Ntchisi amabalalika, wina ku Mponela, wina ku Mvera, wina ku Malomo. Pobwerera mu September, ena amakhala atasinthiratu, ena dzanja litauma. Kusiyanako kumachokera pa zimene aliyense anakhulupirira za tchuthicho.

Chikhulupiriro: Mipikisano ikatha, ndi nthawi yongopuma.

Zoona: Kupuma n'kofunikadi. Maondo ndi akakolo amafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti atsitsimuke. Koma mkati mwa mipikisano palibe amene amayesa zatsopano, poti aliyense amaopa kugonjetsa timu. Stephen Curry ali ku sekondale ankaponya mpira kuchokera m'munsi, pafupi ndi chiuno. Pa tchuthi china bambo ake, Dell Curry, anamusinthitsa kaponyedweko, ndipo kwa milungu ingapo ankangoponyera pafupi ndi ring'i mpaka dzanja litazolowera. Mu December 2021 anaposa wina aliyense m'mbiri ya NBA pa zigoli za mapointi atatu. Mlimi wa fodya amaidziwa nkhaniyi: belo yabwino ya ku Kanengo imayambira pa nazale, mvula isanagwe.

Chikhulupiriro: Kumudzi kulibe bwalo la simenti, ndiye palibe chochita.

Zoona: Bwalo labwino limathandiza, ndipo maboma athuwa akufunika mabwalo ambiri. Komabe tchuthi chathu chimagwa m'chilimwe, dothi lili gwa. Pabwalo losesedwa bwino mpira umanjanja. Ukagunda kamwala n'kupatuka, dzanja limaphunzira kuutsata maso ali kutsogolo. Ring'i amaimika pa mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo kukamwa kwake ndi masentimita 45. Wowotcherera zitsulo pa Madisi kapena pa Ntchisi boma angathe kupinda chitsulo pa muyeso umenewu, inu n'kukhomera pa thabwa ndi mlongoti wa bulugama. Kenako yezani mamita 4.6 kuchokera pa thabwalo, lembani mzere ndi phulusa. Pamenepo ndi poponyera wina akakuchitirani faulo, ndipo magemu ambiri amathera pa mzere umenewu.

Chikhulupiriro: Kusewera magemu tsiku lonse ndiye kukonzekera.

Zoona: Gemu imaphunzitsa kuwerenga mdani ndi kupatsirana, n'chifukwa chake sitingaitaye. Vuto lake n'lakuti anthu khumi amalimbirana mpira umodzi, ndipo ukakupeza umathamangira zimene umadziwa kale. Wakumanja amapita kumanja basi. Mphindi makumi atatu uli wekha zimakupatsa mpira kambirimbiri kuposa gemu yonse. Yambani ndi dzanja lofooka: kunjanjitsa mpira mutaima, mukuyenda, kenako mukuthamanga. Ponyani muli pansi pa ring'i, chigongono chili pansi pa mpira, ndipo musabwerere m'mbuyo mpaka mipira ikulowa motsatizana. Gemu ibwere madzulo, ikhale mayeso a zimene munachita m'mawa.

Chikhulupiriro: Ngati sunatalike kapena unayamba mochedwa, usadzivutitse.

Zoona: Msinkhu ndi mwayi, palibe angakane. Koma Muggsy Bogues anali wa mamita 1.60 okha, ndipo anasewera mu NBA zaka 14 chifukwa cha liwiro ndi kusunga mpira. Hakeem Olajuwon anakulira ku Lagos akugwira pagolo mu mpira wamiyendo, basketball anaiyamba atakula kale. Ali pa yunivesite ku Houston, tchuthi ankachithera ku Fonde Recreation Center akulimbana ndi katswiri Moses Malone. Mapazi a pagolo aja ndi thukuta la pa tchuthi zinamufikitsa pa zikho za NBA za 1994 ndi 1995.

Chikhulupiriro: Mwana wa kumapiri ndi wolimba kale.

Zoona: Wokwera zitunda za ku Ntchisi ndi thumba la soya panjinga mpweya ali nawo ndithu. Kungoti basketball imafuna zina: kuthamanga mwadzidzidzi, kuima pompo, kutsetsereka cham'mbali, kudumpha n'kutera bwino. Pezani chitunda chachifupi, kwerani mothamanga, tsikani mukuyenda, bwerezani kangapo. M'mawa wa July kuno kumazizira, choncho tenthetsani thupi kaye kuopa kukokeka mtsempha.

Timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yakhala ikuimira Malawi m'mipikisano yolowera mu Basketball Africa League, ndipo mzindawo suli kutali ndi Dowa. Makolo ndi aphunzitsi, thandizanipo: bwereketsani mpira kwa ana okhala moyandikana, mulembe dzina la wosunga, ndipo ntchito za pakhomo zikatha muwapatse ola limodzi. Inu osewera, sankhani chofooka chimodzi, muzilemba m'kope mipira imene yalowa tsiku lililonse, ndipo kopelo mukalionetse kwa kochi sukulu ikatsegulira.