Mfungulo ya Ndende Isakhale m'Dzanja Limodzi

Inu atsogoleri a makalasi, pophunzitsa mbiri ya dziko lathu mudzafunsidwa kuti: zinatheka bwanji kuti munthu azunze mnzace m'ndende popanda womuletsa? Yankho lace silili pa khungu, silili pa mbendera. Lili pa mphamvu yopanda woifunsa.

Taonani kumudzi. Mfumu imaweruza pabwalo. Nduna zilipo, abale alipo, woimbidwa mlandu amayankha anthu akumva. Mfumu ikapotoza, akulu amaibweza. Koma munthu mmodzi akakhala wogwira, wofunsa, woweruza ndi wosunga mfungulo, basi, bwalo latha.

Ndimo zinaliri pa nthawi ya Apwitikizi. Apolisi acinsinsi a PIDE, amene mu 1969 anasintha dzina kukhala DGS, anali kutsekera munthu miyezi yambiri osapita naye kwa woweruza. M'mwezi wa Juni 1972 anagwira atsogoleri ambiri a mpingo wa Presbiteriana, nawatsekera ku ndende ya Machava, pafupi ndi Lourenço Marques, imene lero ndi Maputo. Mmodzi wa iwo anali Mbusa Zedequias Manganhela, mkulu wa Sinodi. Mu Disembala caka comweco anapezeka atafa m'ndendemo. A DGS anati wadzipha yekha. Mpingo sunakhulupirire, koma mboni zikanacoka kuti? Omugwira ndiwo anali kumufunsa, omwewonso ndiwo analengeza za imfa yace.

Ufulu unabwera mu 1975, koma mfungulo inangosintha dzanja. Boma la Frelimo linatsegula misasa yoti ndi yophunzitsiramo anthu khalidwe latsopano, ina mwa iyo ku Niassa. Ku msasa wa M'telela anasungidwa Mbusa Uria Simango, amene kale anali waciwiri kwa mtsogoleri wa Frelimo, pamodzi ndi Joana Simeão ndi Lázaro Nkavandame. Mlandu wao sunafike pa bwalo la milandu, ndipo anaphedwa mobisa. Mu 1983, pa Operação Produção, anthu zikwizikwi anatengedwa m'mizinda kupita ku Niassa cabe cifukwa analibe mapepala a nchito. Caka comweco lamulo linalola kukwapula anthu ndi camboko poyera.

Nanga nkhanza zimakula bwanji? Msilikali akamenya wandende lero wosafunsidwa, mawa amamenya kawiri. Mkulu wace amayang'ana kumbali. Wandende amaleka kuchulidwa dzina, amangochedwa mdani, ndipo mdani alibe womulira.

Ncifukwa cace Malamulo Akulu a dziko a 1990 analetsa kuzunza munthu ndi cilango ca imfa, ndipo a 2004 anasunga zomwezo. Koma lamulo la papepala limagwira nchito pokhapokha anthu akaliwerenga. Phunzitsani ophunzira anu kulemba dzina la wogwidwa, tsiku, malo, ndi amene wamugwira. Aphunzitseni kufunsa mwaulemu koma mosaopa kuti: "Walakwa ciani? Adzaonekera liti kwa woweruza?" Wandende amene dzina lace lalembedwa ndipo abale akumuyendera, nkobvuta kumusowetsa.