Babu lochipa limagulidwa kawiri

Zaka ziwiri zapitazo, kutatsala sabata imodzi kuti tilowe Pasaka, akhristu a pa chalichi cathu cacing'ono anasonkha ndalama zogulira mababu khumi. Anatuma ine kaamba kakuti ndinali ndi ulendo wa ku Katete Stores. Nditangotsika basi ndinakumana ndi mnyamata atasenza katoni pa phewa, ndipo mtengo umene anandiuza unali theka la mtengo wa m'sitolo. Ndinagula khumi, iye naikapo limodzi la mbasela, ndipo ndinabwerera kumudzi ndi chenji m'thumba ndikudziona wocenjera.

Usiku wa Pasaka mapemphero timayambira mu mdima mwadala, ndipo itakwana nthawi yoyatsa onse anayaka bwino, anthu nandiyamika. Koma pofika Pentekoste, patangopita masiku 50, mababu asanu ndi limodzi anali atafa ndipo otsalawo anali kuphethira ngati ziphaniphani. Tinasonkhanso kaciwiri. Mnyamata uja sindinamuonenso, ndipo ndalama zimene ndinaononga zinali za amai okalamba amene anagulitsa nshawa kuti apereke.

Ndalemba nkhaniyi cifukwa mlimi wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi amaona ndalama zoculuka kamodzi pa caka, akagulitsa cimanga, soya, thonje kapena mpendadzuwa. Pa ndalama zomwezo ndi pamene payenera kucoka feteleza, zofunika za ana a sukulu, malata, simenti ndi nyale ya m'nyumba. Motero kufuna cinthu cochipa si umbombo ai, ndi nzeru ndithu. Cofunika ndi kudziwa kusiyanitsa cochipa ceniceni ndi gong'a.

Kumene tacokera

Ambiri a ife tinakula ndi koloboyi, amene anali kudetsa mphuno ndi mwaye. Kumene kunafika malaiti kunali mababu agalasi okhala ndi kawaya m'kati, amene mphamvu yao yambiri inali kuthera m'kutentha osati m'kuwala. Pambuyo pake kunabwera aja opotanapotana osunga malaiti, ndipo tsopano paliponse pali a LED. Luso limene linacititsa kuti LED ithe kupereka kuwala koyera linapezedwa ndi akatswiri atatu obadwira ku Japan, a Isamu Akasaki, a Hiroshi Amano ndi a Shuji Nakamura, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Kuno kwathu cimene cinatifulumizitsa ndi cilala. Mu 2015 madzi anacepa pa damu la Kariba ndipo malaiti anayamba kuzimazima, ndiye mu 2016 boma linaletsa kulowetsa m'dziko mababu akale aja. Mu 2024 cilala cinakula koposa, kotero kuti m'madera ena anthu anali kukhala maola okwana 21 pa tsiku opanda malaiti. Kucokera pamenepo aliyense akufuna babu losadya mayuniti, babu lochaja kapena ka sola, ndipo pamene ogula aculuka, ogulitsa gong'a naonso amaculuka.

Phindu la LED si nkhambakamwa. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola asanu usiku uliwonse limadya mayuniti 9 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, limene limawala cimodzimodzi, limadya yuniti imodzi ndi pang'ono, osafika ndi theka lomwe. Nyumba ya mababu asanu imacoka pa mayuniti 45 kufika pa mayuniti osakwana 7. Koma phindu limeneli limaoneka pokhapo ngati babulo likhalitsa.

Tiyerekeze ndi mitengo yongopeka. Babu la K15 limene limafa pakatha miyezi iwiri mudzaligula kasanu ndi kamodzi pa caka, ndiye kuti K90. Babu la K45 limene lakhala zaka ziwiri lakudyerani K45 cabe. Nanga lochipa ndi liti pamenepa?

Werengani katoni musanatulutse ndalama

Coyamba, musanyengeke ndi mawati. Mawati amakamba za malaiti amene babu limadya, pamene kuwala kumayesedwa ndi malumeni, amene pa katoni amalembedwa ndi zilembo lm. Cipinda cocezera cimafuna babu la malumeni pafupifupi 800. Babu labwino limapereka malumeni 80 mpaka 100 pa wati imodzi, kapena kupitirira pang'ono. Mukaona katoni yolembedwa kuti mawati 5 koma malumeni 1,500, dziwani kuti wolembayo akunama. Katoni imene siikamba za malumeni n'komwe, ndiponso ilibe dzina la kampani imene inapanga, isiyeni pomwepo.

Caciwiri, onani tsinde la babu. Nyumba zambiri kuno zili ndi zogwirira za mapini awiri, zimene zimalembedwa B22, pamene zina ndi zopotokola ngati citsekerero ca botolo, zolembedwa E27. Ambiri afika kunyumba madzulo n'kupeza kuti babu silikulowa. Ngati simukutsimikiza, nyamulani babu lakufa mukalionetse m'sitolo.

Cacitatu, onani mphamvu yake. Malaiti a ZESCO ndi 230V, pamene sola yambiri ya m'midzi imagwira nchito ndi batire la 12V. Babu la 12V mukaliika pa malaiti a ZESCO limapsa nthawi yomweyo ndipo lingathe kuyambitsa moto, pamene la 230V pa batire siliyaka. Kwa abale a ku midzi ya ku Vubwi ndi ku Sinda kumene nthambo sizinafike, ici ndico coyamba kufunsa.

Cacinai ndi mtundu wa kuwala. Nambala 6500K itanthauza kuwala koyera ngati usana, kumene kumathandiza mwana powerenga ndi mai posoka. Nambala 2700K kapena 3000K ndi kuwala kofiirira ngati kwa nyale, koyenera kucipinda cogona.

Makatoni ambiri amalonjeza maola 15,000. Pa maola asanu usiku uliwonse, zimenezo ndi zaka zopitirira zisanu ndi zitatu. Nanga n'cifukwa ciani anga aja anafa pa masiku 50? M'tsinde la babu la LED muli tizipangizo timene timatsitsa mphamvu ya malaiti, ndiponso kacitsulo kamene kamacotsa kutentha. Opanga gong'a amacepetsa zimenezi kuti mtengo utsike, ndipo babu limadzipha lokha ndi kutentha. N'cifukwa cake babu lopepuka ngati cikombe ca dzira liyenera kukukayikitsani. Akulu anakamba kale za cikomekome ca mkuyu, kuti m'kati muli nyerere.

Yesani, ndipo tengani lisiti

Sitolo yabwino imakhala ndi poyesera mababu. Musacite manyazi, uzani wogulitsa ayatse lililonse limene mwagula, osati limodzi lokha. Ngati muli ndi foni ya kamera, lozani pa babu loyakalo, ndipo mukaona mizere yakuda ikuyendayenda kwambiri, babulo limaphethira ngakhale maso sakuona. Ngati ndi babu lochaja, lija lokhala ndi batire m'kati, auzeni azimitse swichi ya pakhoma muone ngati likhalabe loyaka, ndipo funsani kuti limatha maola angati. Kumbukirani kuti batire lake limafooka ndi nthawi.

Mukatero pemphani lisiti lokhala ndi dzina la sitolo ndi tsiku. Anthu ambiri sadziwa kuti lamulo loteteza ogula la mu 2010, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limaletsa wamalonda kugulitsa katundu woonongeka, ndipo limamukakamiza kubweza ndalama kapena kusinthira wogula katundu wina. Lamulo lomwelo limaletsa cikwangwani cija timaciona m'masitolo cokamba kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Koma popanda lisiti mudzayambira pati? Ine ndinalibe lisiti, ndinalibe ngakhale khomo loti ndikagogode. Ndimalemba tsopano tsiku logula pa tsinde la babu lililonse ndi bolopeni, kuti ndidziwe mtundu umene ukukhalitsa.

Kunyumba nakonso tisamale. Malaiti akapita, zimitsani maswichi, cifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyeso imene imapha mababu. Babu la panja lisamanyowe ndi mvula. Ndipo ngati mukali ndi aja opotanapotana, musalole ana kuwaswa akafa, pakuti m'kati mwake muli mankhwala a poizoni ochedwa mercury.

Nthambo, malata ndi simenti

Cimene taona pa babu ndico cimene cili pa katundu yense wa m'sitolo ya zomangira. Kucokera pamene Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, anthu omanga nyumba za njerwa ndi malata aculuka, ndipo masitolo otere ali paliponse m'mbali mwa mseu wa Great East. Izi ndi zabwino cifukwa mungathe kufunsa mtengo m'masitolo atatu musanasankhe.

Pa zonse, cimene simuyenera kucitira dala kuchipa ndi nthambo za malaiti. Nthambo yeniyeni ndi ya kopa, yofiirira kunja ndi m'kati momwe. Ya gong'a ndi citsulo cina copakidwa kopa pamwamba cabe. Palani pang'ono kumapeto kwake ndi mpeni, ndipo mukaona zoyera pansi pake, ibwezeni. Nthambo yotere imatentha m'denga usiku anthu ali m'tulo. Ya mababu imakhala ya 1.5 ndipo ya masoketi ya 2.5, ndipo woika akhale munthu wophunzira nchitoyo. Babu la gong'a limakudyerani ndalama, koma nthambo ya gong'a ingakudyereni nyumba, cimanga ca caka conse ngakhalenso moyo wa ana.

Pa malata, funsani kukhuthala kwake. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala, kotero kuti geji 32 ndi yopyapyala kuposa geji 28. Lata lopyapyala limachipa, koma limapindika pokhoma, limacita dzimbiri msanga ndipo mphepo ya mvula yoyamba imalisasula. Yesaninso kutalika kwake ndi tepi muli pomwepo.

Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Ligwireni m'makona, ndipo mukamva zibuma zolimba ndiye kuti linalowa cinyontho ndipo mphamvu yake yacepa. Simenti siikonda kukhalitsa, motero musagule mu Julaye imene mudzamangire mu Disembala. Thumba long'ambika kapena losokedwanso likhale lokukayikitsani ngakhale mtengo utsike bwanji. Misomali gulani pa sikelo mukuona ndi maso anu, ndipo loko yesani makiyi ake onse musanacoke.

Mtunda nawonso ndi mtengo

Pali cinthu cina cimene timaiwala powerengera. Kucoka ku Katete kufika ku Chipata ndi makilomita opitirira 80. Ngati babu ku Down Shops lachipa ndi makwacha asanu, koma inu mwalipira basi kupita ndi kubwera, mwapindulanji? Munthu wa ku Vubwi amene wagula babu lakufa ku Chipata sadzabwerera kukalisintha, cifukwa ulendo wokha uposa mtengo wa babulo. N'cimodzimodzi ndi katundu wogula kutsidya kwa malire, kaya ku Malawi kapena kupyola pa Chanida kulowa ku Mozambique. Angachipe ndithu, koma akaonongeka palibe kobwezera. Nthawi zambiri wa sitolo wa kwanu, amene mumapemphera naye kapena kukumana naye pa maliro, ndiye wochipa weniweni, pakuti sangakuthaweni ndipo amaopa kuononga dzina lake.

Njira imene yatithandiza ife ndi kugula pamodzi. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja a mu mphakati umodzi, a m'gulu la cilimba kapena a mu kopaletivu angathe kulemba zofuna zao, kusonkha ndalama ndi kutuma anthu awiri. Katoni yathunthu ya mababu kapena mtolo wa malata zimakhala ndi mtengo wa oda, ndalama ya ulendo imagawanidwa, ndipo wogulitsa amalemekeza munthu wogula zambiri cifukwa afuna adzabwerenso. Tumani awiri osati mmodzi, ndipo pobwera aonetse malisiti pagulu, kuti pasakhale kukayikirana. Ngati mtundu wa babu ndi wacilendo, yambani mwagula awiri cabe, muwayese mwezi umodzi, ndipo mufunse anzanu amene anaugwiritsapo nchito. Safunsa anadya phula.

Titasonkha kaciwiri pa chalichi cathu, sindinapite ndekha. Ndinapita ndi amai asungi cuma, tinazungulira masitolo atatu, tinayatsa babu lililonse ndipo tinabwera ndi lisiti. Tinagula asanu ndi atatu m'malo mwa khumi cifukwa ndalama zinathera pomwepo. Asanu ndi awiri akali kuyaka mpaka lero, ndipo ana okonzekera mayeso a giredi 7 amawerengera pomwepo madzulo. Limodzi limene linafa m'sabata yoyamba, wa sitolo anatisinthira titamuonetsa pepala lake.

Abale anga alimi, thukuta lanu ndi lodula. Mukagulitsa mbewu caka cino, musathamangire munthu woyamba amene wakuitanani pa siteshoni. Werengani katoni, yesani, tengani lisiti, ndipo pitani awiri.