Mphepo Nayonso Imamwa Dizilo

Mlimi wonyamula kabichi kuchokera ku Chongwe kupita kumsika wa Soweto amawerengera mbewu, feteleza ndi dizilo, koma kawirikawiri amaiwala mphepo. Galimoto ikamathamanga imakankha mpweya, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mpweya yoibweza m'mbuyo imawirikiza kanayi. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, mphamvuyi imaposa ya pa 80 ndi theka. Choncho matumba osanjikizidwa kupitirira denga la kabini amasanduka khoma, ndipo phindu la dimba limathera papampu.

Ife tinayamba ndi vani ya pasukulu pano. Tinapita ndi lata losalala kwa owotcherera zitsulo ku Kabwata. Iwo analipinda kuti likwere pang'onopang'ono kuchokera padenga kufikira msinkhu wa katundu, nalimanga ndi mabawuti. Matumba tinawasanja motsika cha kumbuyo, ndipo lona tinalikoka zolimba kuti lisamakupize.

Komabe chenjerani. Musatseke rediyeta, pakuti injini idzatentha. Musaphimbe nyali kapena nambala ya galimoto, chifukwa a RTSA sadzakulekererani. Lata lomangidwa ndi waya likhoza kuuluka pa Great East Road n'kuvulaza munthu. Dziwaninso kuti pakati pa mzinda, pamene galimoto zimakwawa, phindu lake n'lochepa. Limaoneka pamsewu wautali.

Musakhulupirire mawu athu okha. Dzazani thanki, lembani makilomita, ndipo dzazaninso mukabwerera. Yerekezani maulendo angapo, musanasinthe ndi mutasintha. Kope lanu lidzakuuzani ngati lata labweza ndalama zake.