DENGA LA PHULA NDI LONJEZO LA "MOYO WONSE"

M'dziko la America nyumba zambiri sazifolera ndi malata monga timachitira kuno kwathu. Amazifolera ndi tizidutswa topyapyala ta phula timene eni ake amatitcha shingles, ndipo ife tingoti matailosi a phula. Ana athu ena amene anapita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ayamba kugula nyumba, ndipo pogulapo amapatsidwa kalata ya chitsimikizo yonena kuti dengalo nla "moyo wonse". Mawu awiriwa ngokoma m'khutu, ndipo ambiri akangowamva amapinda kalatayo nkuiika m'bokosi osaiwerenga. Tsono tiyeni tiiwerenge pamodzi.

Poyamba tidziwe chinthucho. Mbiri imatchula Henry Reynolds wa ku Grand Rapids, m'chigawo cha Michigan, kuti m'chaka cha 1903 ndiye anayamba kudula nsalu za phula m'tizidutswa. Masiku ano pakati pa tailosi lililonse pamakhala nsalu ya ulusi wa galasi, imene amaiviika m'phula ndi kuwaza pamwamba pake timiyala tosinjasinja. Timiyala timeneti ndito titchinjiriza phula ku dzuwa. Tikayamba kukokoloka ndi mvula, phula limauma, limang'aluka, ndipo madzi amapeza njira.

Matailosiwa alipo a mitundu itatu. Otsika mtengo, a chikuto chimodzi, kawirikawiri amatha zaka 15 mpaka 20. Apakati, omatidwa awiriawiri, amafika zaka 20 mpaka 30. Apamwamba ndi okhuthala ndi olemera, opangidwa moti aoneke ngati miyala yosema kapena matabwa, monga Grand Manor a kampani ya CertainTeed, ndipo akakhomedwa bwino amatha kupitirirapo zaka 30. Koma palibe ngakhale limodzi limene lingakhale moyo wa munthu wofika pa ukalamba.

Nanga mawu akuti "moyo wonse" anachokera kuti? Kale makampani ankalemba zaka poyera pa katundu wao: 25, 30, 40 kapena 50. M'chaka cha 2011 kampani ya GAF inayamba kulemba "moyo wonse" pa matailosi ake onse omatidwa, ndipo anzake, poopa kutsalira pa malonda, anatsatira. Chimene chinasintha chaka chimenecho ndi mawu a pa pepala. Dzuwa la ku Arizona silinachepetse ukali wake.

Apa mpamene pagona nkhani. Moyo umene akunenawo si wa denga ayi, komanso si wa nyumba. Akutanthauza nthawi imene munthu amene anagula matailosiwo akhale ali mwini nyumbayo. Akaigulitsa, chitsimikizo chimaloledwa kupita kwa mwini wachiwiri kamodzi kokha, ndipo makampani ena amafuna kuti auzidwe m'kalata masiku owerengeka asanathe. Wachitatu sapeza kanthu. Choncho mnyamata amene wagula nyumba ya zaka 18, imene yadutsa kale m'manja mwa anthu awiri, angasunge pepala lija mosamala zedi pamene mphamvu yake inatha kalekale. Ndipo akulu a mpingo amve ichi: lonjezo la "moyo wonse" nla nyumba ya banja limodzi basi. Pa tchalitchi kapena sukulu mawuwo sagwira ntchito, ndipo makampani ena amangoikapo zaka zowerengeka, monga 40.

Chachiwiri, lamulo la m'dzikomo la chaka cha 1975, lotchedwa Magnuson-Moss, limafuna kuti chitsimikizo cholembedwa chinene poyera ngati nchathunthu kapena nchokhala ndi malire. Za matailosiwa nzokhala ndi malire. Kwa zaka 10 zoyambirira, ngati vuto lachokera ku fakitale, makampani akuluakulu amalipira matailosi atsopano pamodzi ndi amisiri owakhoma. Zikangotha zaka zimenezo, ndalama za amisiri zimachoka, ndipo za matailosi zimanka zichepa chaka ndi chaka. Mphunzitsi aliyense wa masamu angaone kumene zikulowera. Denga limayamba kuvuta litakalamba, ndiye nthawi yomwe chitsimikizo chafookeratu. Kuonjezera apo, pa mtengo wonse wofolera nyumba, ntchito ya amisiri ndi kuchotsa denga lakale zimadya gawo lalikulu ndithu.

Zimene zimapha denga msanga nthawi zambiri sizikhala m'chitsimikizo nkomwe. Tailosi lililonse limafuna misomali inayi, kapena isanu ndi umodzi kumalo a mphepo yamkuntho, ndipo ikhomedwe pa mzere wake weniweni. Mmisiri wothamangira ntchito ina akaikhoma m'mwamba, mphepo imanyamula tailosi ngati tsamba louma, ndipo kampani imayankha kuti mlandu si wake. Pakati pa siling'i ndi denga payeneranso kudutsa mpweya. Pakatsekeka, kutentha ndi chinyezi zimaononga matabwa ndi phula kuchokera kunsi, ndipo apanso kampani imatha kukana kulipira. Matalala, amene amagwa aakulu ku Texas ndi ku Colorado, sawawerengera m'chitsimikizo; imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi. Za mphepo amalonjeza padera, kawirikawiri kwa zaka 15 zokha, mpaka liwiro la mailosi 110 kapena 130 pa ola. Ndere zimene zimadetsa denga kumadera a chinyontho nazonso zili ndi zaka zake, ngakhale kuti amasakaniza timiyala ta mkuwa pofuna kuziletsa.

Sindikunena kuti pepalalo nlachabe. Pamene matailosi akale a CertainTeed, opangidwa ndi nsalu ya mapepala pakati pa 1987 ndi 2005, anayamba kuonongeka msanga, eni nyumba anasumira pamodzi, ndipo m'chaka cha 2010 bwalo la milandu ku Pennsylvania linavomereza mgwirizano wowalipira. Amene anasunga umboni wa katundu wao anali ndi poyambira. Koma kwa ine mboni yoona pa msinkhu wa denga ndi a inshuwalansi, popeza iwo ndiwo amataya ndalama likagwa. Ku Florida anafika pokana nyumba za madenga okalamba, kotero kuti m'chaka cha 2022 boma la chigawocho linakhazikitsa lamulo loti asakane nyumba chifukwa cha msinkhu wa denga lokha ngati silinakwane zaka 15. Taonani kusiyana kwake: wogulitsa akunena za moyo wonse, pamene a inshuwalansi ayamba kale kukayika pa zaka 15.

Tsono inu makolo, mwana akakuuzani kuti wapeza nyumba kutsidya kwa nyanja, musangomufunsa za zipinda. Mfunseni chaka chimene dengalo linakhomedwa, amene analikhoma, ndiponso ngati iye ndi mwini wachiwiri kapena wachitatu. Ngati akufolera latsopano, afunse mmisiri kuti ntchito ya manja ake aiikira kumbuyo zaka zingati, alembe zimenezo pa pepala lapadera, ndipo malisiti onse asungidwe pamodzi ndi makalata a nyumba.