Kamisolo yothina si ya mayi woyembekezera

Mayi, kodi kamisolo yanu yayamba kusiya mizere pakhungu? Musadabwe. Mabere amayamba kukula m'miyezi itatu yoyambirira ya pakati, kenako chifuwa nachonso chimatambasuka.

Mukapita pa kaunjika ku Chitakale kapena ku Limbuli, sankhani ya thonje, ya malamba aakulu, yopanda waya. Ikukwaneni mutakoleka pa tingowe tothinitsa, kuti muzimasula thupi likamakula. Zala ziwiri zizilowa pansi pa lamba, chifukwa yothina imafinya njira za mkaka.

Muziichapa ndi sopo, iume bwino padzuwa. Chinyezi cha kuno ku Mulanje chikakumana ndi thukuta la m'munda wa tiyi, pansi pa bere pamatuluka totupa toyabwa.

Mukapeza chotupa cholimba, kapena bere likatentha ndi kupweteka, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala.